WOSAMALA ODWALA NAYENSO ASAMALIDWE

Mau amene Mlembi wa amayi anayankhula pa tsiku la chikondwerero chathu pa Doko la Nkhata Bay



Komiti inandituma kuti pa tsiku lalikulu ili ndiyankhule nanu za anthu amene amatigwira tikadwala. Ndikunena anamwino, azamba, madokotala, alangizi a zaumoyo, oyeza magazi, oyendetsa ambulansi, ochapa nsalu za odwala, okolopa m'mawodi, ndiponso ogwira ntchito ku nyumba ya chisoni. Tikapita ku chipatala timafunsa kuti wodwala wathu wadzuka bwanji. Lero ndifuna tifunsenso za amene akumsamalayo, ngati iyenso ali pabwino.

Wina anganene kuti nkhani iyi nja boma ndi akuluakulu a chipatala. Inde, mbali yaikulu njawo, ndipo ndiitchula kutsogoloku. Koma taganizani, amayi anzanga. Ndani amagona pansi pambali pa bedi la wodwala usiku wonse? Ndani amaphika ku chitando, kutaya ndowa ndi kuchapa zitenje za amayi ochira? Imfa ikagwa, ndani amasambitsa thupi la mayi mnzathu? Ndife. Palibe anthu ena amene amakhala pafupi ndi antchito a chipatala kuposa ife. Ndiponso ambiri a iwo ndi ana athu enieni, amene tinawaphunzitsa ndi ndalama za usipa, za chinangwa ndi za nthochi, mpaka anakafika ku sukulu za unamwino ku Ekwendeni kapena ku St John's ku Mzuzu. Chotero zochita zathu m'chipatala zingathe kumteteza namwino, zingathenso kumpweteka.

Tikumbukirenso kuti anthuwa ngochepa. Pa chipatala chachikulu cha boma ku Mkondezi, namwino mmodzi akadwala anzake amagawana ntchito yake ngakhale ali otopa kale. Koma pa zipatala zazing'ono monga cha Usisya, Kande kapena Mpamba, antchito amawerengeka ndi zala. Mzamba wa kumeneko akagona ndi matenda, mayi wapakati ayenera kufuna galimoto kapena boti pakati pa usiku. Namwino mmodzi akadwala, ovutika ndi mudzi wonse.

NGOZI IYI NJAKALE

Dr William Black anali mmodzi wa madokotala oyamba kufika pa nyanja yathu ino. Anamwalira ndi malungo ku Cape Maclear mu 1877, asanathe ngakhale chaka chimodzi pa ntchito. Mu 1881 Dr Robert Laws anasamukira ku Bandawe, m'boma lathu lomwe lino, ndipo kumenekonso malungo anatha anthu. Masiku amenewo munalibe munthu wodziwa kuti malungo amadza ndi udzudzu. Zimenezi zinadziwika mu 1897, pamene Ronald Ross anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Anthu atadziwa kochokera ngozi, anadziwanso kudzitchinjiriza.

Ku Ulaya, mu mzinda wa Vienna, dokotala wina dzina lake Jakob Kolletschka anachekedwa chala ndi mpeni wa wophunzira wake pamene ankayeza mtembo. Umo munali mu 1847. Bala linali laling'ono, koma anadwala namwalira. Mnzake, Dr Ignaz Semmelweis, anaona kuti matenda amene anapha dokotalayo ngofanana ndi amene ankapha amayi ambiri atangochira. Anazindikira kuti manja a madokotala ndiwo ankanyamula matendawo kuchokera ku mitembo. Analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi, ndipo imfa za amayi zinachepa kwambiri. Klorini ameneyo ndi yemwe uja tinamuona m'ndowa pa nthawi ya kolera.

M'masiku athu ano ngoziyi siinathe. Matenda a Ebola atabuka ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone kuyambira 2014 mpaka 2016, antchito a chipatala oposa 500 anamwalira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti kuyambira Januwale 2020 mpaka Meyi 2021, matenda a Covid-19 anapha antchito a chipatala pafupifupi 115,000. Tsono tiyeni tione ngozi zisanu zimene ana athuwa amakumana nazo kuno kwathu, ndi chimene ife tingachitepo.

CHOYAMBA: SINGANO NDI MAGAZI

Namwino amabaya majakisoni, amaika dilipi ndi kutenga magazi tsiku lonse. Singano ikatuluka m'thupi la wodwala imakhala ndi magazi ake, ndipo ikambaya namwino mwangozi ingathe kumpatsira matenda. Mu 2002 bungwe la WHO linanena kuti chaka chilichonse antchito a chipatala pafupifupi 3 miliyoni pa dziko lonse amabayidwa kapena kuchekedwa ndi zida zokhala ndi magazi a matenda.

Ambiri timaganiza za kachirombo ka HIV kokha. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano yokhala ndi kachiromboka, amene amakatenga ndi pafupifupi atatu. Koma pali matenda ena otupitsa chiwindi, otchedwa hepatitis B, amene amapatsirana msanga koposa. Mwa anthu 100 obayidwa amene sanalandire katemera, otenga matendawa angathe kufika 30. Kachirombo kake kamakhalabe ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku asanu ndi awiri. Kuno ku Malawi makanda anayamba kulandira katemera wake mu 2002. Amene anabadwa chisanafike chaka chimenecho sanamlandire ali akhanda. Ngati mwana wanu kapena amuna anu amagwira ntchito m'chipatala, afunseni ngati anabayitsa katemera ameneyu.

Lamulo la m'chipatala nlakuti singano ikagwira ntchito isavindikiridwenso ndi manja, pakuti ambiri amadzibaya pobwezera kachivindikiro. Iponyedwe nthawi yomweyo m'katoni yachikasu ija mumaiona pa tebulo kapena pa khoma. Katoniyo siyenera kudzaza mpaka pakamwa. Ikafika magawo atatu mwa anayi aitseke nakaiotche m'ng'anjo ya chipatala. Munthu akabayidwa atsuke pabalapo ndi sopo ndi madzi ambiri, auze mkulu wake, ndipo ayezedwe magazi. Pali mankhwala otchedwa PEP amene amatchinga kachirombo ka HIV. Ayenera kuyamba kumwa msanga, asanathe maola 72, ndipo amwe kwa masiku 28 osadumphitsa. Wobisa ngozi yotere chifukwa cha manyazi kapena mantha amadzipweteka yekha, pakuti madzi akatayika saoleka.

Nanga ife? Pobayitsa mwana timgwire bwino monga atiuzira namwino, mikono ndi miyendo yomwe, kuti asaphiriphithe singano ili m'thupi. Ngati wodwala wathu wasokonezeka mutu, waledzera, kapena amagwa khunyu, timuuze namwino asanamyandikire ndi jakisoni. Tikaona singano pansi kapena pa bedi tisaitole, tisaikankhirenso pansi pa bedi, koma tiitane mwini ntchito. Lezala ndi mapini athu tisasiye m'nsalu za chipatala kapena pansi pa matiresi, chifukwa amene amabayidwa ndi mayi wochapa kapena wokolopa, amene mwina ndi mnzathu wa muno momwe. Ana athu tiwaletse kusewera ku dzala la chipatala.

Chinanso, tisakhumudwe namwino akavala magolovesi asanatigwire. Sikuti akunyansidwa nafe ai. Mzamba pochiritsa mayi amakumana ndi magazi ndi madzi amene angamthovukire m'maso ndi m'kamwa. Nchifukwa chake amavala epuloni, majombo ndi chophimba kumaso. Tsoka silinunkha, ndipo magazi a munthu saoneka ndi maso ngati ali ndi matenda.

CHACHIWIRI: MPWEYA UMENE TIMAPUMA

Chifuwa chachikulu chimayenda mu mpweya. Wodwala akatsokomola, tizirombo timatsala m'chipinda kwa maola angapo ngati mazenera ngotseka. Ife timakhala m'wodi masiku ochepa nkubwerera kwathu, koma namwino amapuma mpweya umenewo chaka ndi chaka. Ndi chifukwa chake anamwino amatsekula mazenera ngakhale mu Juni ndi Julayi pamene mwera ukuomba. Odikirira odwala ambiri amadikira kuti namwino atuluke, basi nkutseka mazenera onse. Amayi, bulangete tibwere nalo kuchokera kunyumba, koma zenera tilisiye.

Munthu wa chifuwa chokhalitsa anene pa khomo pomwe kuti akutsokomola, kuti amuone msanga asanakhale pa mzere pakati pa anthu. Potsokomola atseke pakamwa ndi kansalu, ndipo asalavule pansi. Mankhwala a chifuwa chachikulu ngaulere ndipo amamwedwa miyezi isanu ndi umodzi. Woleka pa njira chifukwa wayamba kupeza bwino amadzabweranso ndi chifuwa chosamva mankhwala, chimene nchovuta kuchiza, ndipo woyamba kuchipuma ndi namwino womlandira. Tikhale ife okumbutsa abale athu kumwa mankhwala mpaka atatha.

Kuyendera odwala ndi ntchito yathu yabwino, ndipo tisaileke. Koma tikalowa anthu makumi awiri m'wodi imodzi timatsekereza mpweya ndi njira yomwe. Nkwabwino kutuma awiri kapena atatu m'dzina la onse, kusunga nthawi yoonera odwala, ndi kusamba m'manja polowa ndi potuluka. Amene ali ndi chimfine kapena chifuwa atsale kunyumba.

Covid-19 anatiphunzitsa zambiri pa nkhani iyi. Anthu oyamba kupezeka nawo m'dziko muno analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Mwezi womwewo madokotala ndi anamwino m'zipatala zina za boma anaimika ntchito pofuna zovala zodzitetezera. Ena anawanena kuti ngouma mtima, koma pempho lawo linali loyenera. Palibe amene amatuma msodzi pa nyanja ndi bwato lobooka. Chomvetsa chisoni nchakuti m'matauni ena anamwino ankakanizidwa kukwera minibasi powaopa kuti afalitsa matenda. Katemera atafika mu Malichi 2021, antchito a chipatala anaikidwa m'gulu loyamba kulandira, chifukwa ndiwo anali pafupi kwambiri ndi matendawo.

CHACHITATU: KOLERA

Kolera inaoneka koyamba m'dziko muno mu 1973. Nthawi imeneyo boma linalemba anthu othandiza kulimbana nayo m'midzi, ndipo ntchito yawo ndiyo inakula nkukhala ya alangizi a zaumoyo amene tili nawo lero. Koma mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unaposa yonse ya m'mbuyo. Pofika Ogasiti chaka chomwecho unali utalowa m'boma lathu, ndipo dera la Tukombo linavutika kwambiri. Pa 5 Disembala 2022, Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya mliri. Pofika pakati pa 2023, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira.

Amene munalowapo m'misasa ya kolera mukudziwa ntchito yake. Bedi limakhala loboola pakati, ndowa ina pansi pake, ina kumutu ya masanzi. Ndowa zimenezo amazinyamula ndi manja anthu onga ife tomwe, usana ndi usiku. Chimene chimawateteza ndi magolovesi, majombo, epuloni ndi klorini. Madzi a klorini amasungunulidwa mwa mphamvu zitatu. Ofooka, a 0.05 peresenti, ngosamba m'manja. Apakati, a 0.2 peresenti, ngokolopera pansi ndi kupukutira mabedi. Amphamvu kwambiri, a 2 peresenti, ngothira m'ndowa za chimbudzi ndi masanzi, ndiponso ngokonzera thupi la womwalira. Klorini nayenso ngwoopsa akagwiritsidwa ntchito molakwika: amaotcha khungu, amapweteka maso ndi chifuwa. Tisamasakanize ndi mankhwala ena otsukira, tisamsunge m'botolo la zakumwa kumene mwana angamwe, ndipo tisatunge m'ndowa iliyonse ya chipatala tisanafunse. Paja safunsa anadya phula.

Malamulo a pa msasa amaoneka ngati nkhanza kwa munthu amene mbale wake ali m'kati. Amalola wodikirira mmodzi yekha, amaponditsa aliyense m'madzi a mankhwala pa chipata, ndipo amaletsa kutulutsa nsalu ndi mbale zosatsukidwa ndi klorini. Malamulowa amateteza mudzi wathu, amatetezanso antchitowo. Wodumpha mpanda usiku kuti akaone m'bale wake angathe kutuluka ndi kolera, mawa nkubweretsa odwala ena asanu kwa anamwino omwe aja amene sanagone.

Tithandizenso pofulumira. Kolera ingathe kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Wotsekula m'mimba mwamadzi ayambe kumwa Thanzi nthawi yomweyo ndipo apitirize kumwa ali pa njira ya ku chipatala. Wofika msanga kawirikawiri amachira ndi zakumwa zokha. Wofika mochedwa mitsempha yake imakhala itabisala, ndipo namwino amabaya kangapo mofulumira kufuna poika dilipi. Pamenepo mpamene ngozi za singano zimachitika.

Za maliro ndiyankhule mofatsa, pakuti ndi ntchito yathu ife amayi. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizirombo tambiri. Oyenera kulikonza ndi a zaumoyo, ndipo liikidwe msanga, popanda kulisambitsa kunyumba ndi popanda kuphika chakudya cha khamu. Nzowawa kuika mayi wako osamsambitsa ndi manja ako. Komabe mlangizi amene watumidwa kudzayang'anira maliro otere sanabwere kudzatichititsa manyazi. Ife amene anamfedwa amatimvera, tikhale pambali pake, tiwafotokozere abale, kuti asatukwanidwe kapena kuthamangitsidwa pa manda.

CHACHINAYI: ULENDO, MSANA NDI KUTOPA

Boma lathu nlamapiri ndi nyanja. Alangizi a zaumoyo ndi anamwino amapita ku sikelo za m'midzi pa njinga, pa njinga yamoto, pansi, ndipo kumadera a Usisya ndi Ruarwe kawirikawiri amayenda pa madzi. Sitima ya Ilala siyenda tsiku lililonse, tsono ulendo wambiri ngwa pa boti. Ife a m'mbali mwa nyanja timadziwa mwera. Woyendetsa boti akanena kuti nyanja yakwiya, tisamkakamize iye kapena namwino. Jekete yoyandamitsa pa madzi ndi chisoti cha pa njinga yamoto si zokongoletsa. Inu amene ana anu amayenda maulendo otere, muziwafunsa ngati azivala.

Mseu wa ku Mzuzu ngwokhotakhota ndi wokwera mapiri, ndipo ambulansi imaudutsa usiku ndi m'mvula yomwe popita ku chipatala chachikulu. Namwino woperekeza amakhala kumbuyo atagwira dilipi. Tikadzazamo abale anayi, mitolo ya nkhuni ndi thumba la ufa, iye amasowa pogwira ndi potembenukira. Akatiuza kuti akwere mmodzi, timvere.

Anamwino ambiri amadandaula msana chifukwa chonyamula ndi kutembenuza odwala. Munthu wamkulu sayenera kunyamulidwa ndi munthu mmodzi. Tikaona namwino akulimbana yekha, tidzipereke, koma tifunse pogwira, tipinde mawondo, ndipo tinyamule nthawi imodzi. Phala kapena madzi zikatayika pansi tipukute msanga. Akatundu athu tisaike pa njira, chifukwa magetsi akazima namwino amathamanga ndi tochi ndipo angapunthwe atanyamula singano. Kandulo, machesi, fodya ndi mbaula zisayandikire botolo la mpweya wothandiza kupuma, pakuti mpweya umenewo umakoleza moto koopsa.

Kutopa nakonso ndi ngozi. Munthu wosagona dzanja limanjenjemera ndipo maso saona bwino. Inu apongozi, inu abambo amene akazi anu ndi anamwino, munthu amene wachezera usiku wonse m'wodi mlekeni agone masana. Nsima ena aphike. Ife oyandikana nawo nyumba tileke kugogoda pa khomo pawo kupempha mankhwala kapena jakisoni wa kunyumba. Kutero nkumuika pa chiyeso chimene chingamchotsetse ntchito. Akafika kunyumba mpatseni madzi ndi sopo asambe asananyamule mwana, ndipo yunifolomu ichapidwe payokha. Imfa zimene amaona zimawalemera mu mtima ngakhale sanena. Akafuna kuyankhula timvetsere, koma tisawafunse matenda a anthu, chifukwa analumbira kusunga chinsinsi.

CHACHISANU: MKWIYO NDI MPHEKESERA

Ngozi iyi njochititsa manyazi chifukwa siichokera ku tizirombo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka zinafika ku Blantyre. Anthu angapo anaphedwa, ambulansi zinagendedwa, ndipo antchito a zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ndi zida zawo. Kumayambiriro kwa 2023, kolera ili pakati, gulu la anthu linaononga chipatala chaching'ono cha Nandumbo ku Balaka chifukwa cha bodza lakuti anamwino ndiwo akubaya anthu kolera. Ataononga, ovutika anali amayi apakati ndi ana a dera lomwelo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Bodza lotere silimayamba ndi miyala. Limayamba ndi mau pa mjigo, pa msika, pa doko podikira usipa, ndipo masiku ano pa foni. Ife amayi timapezeka malo onsewo. Tikamva kuti katemera akutseketsa kubereka, kapena kuti magazi oyezedwa amakagulitsidwa, tifunse wonenayo kuti waona ndani. Uthenga wa pa WhatsApp umene sitikudziwa mwini wake tisautumize kwa ena. Chimene sitikuchimvetsa tikafunse kwa mlangizi wa zaumoyo.

Sindikunena kuti antchito a chipatala salakwa. Alipo ena olankhula mwaukali, ndipo nthawi zina wodwala amachedwa kuthandizidwa. Mtima umawawa, makamaka imfa ikagwa. Koma njira yodandaulira ilipo. Pali mkulu wa wodi, pali komiti ya chipatala imene mumakhala anthu a m'mudzi, ndipo pa zipatala za boma pali wolandira madandaulo amene amatchedwa ombudsman. Mlandu ukakula umapita ku khonsolo ya anamwino ndi azamba kapena ku khonsolo ya madokotala, imene ili ndi mphamvu yolanga wolakwa. Kutukwana ndi kumenya sikudzutsa wakufa. Kumangochititsa kuti namwino wabwino apemphe kusamuka, ife nkutsala opanda wotithandiza.

MBALI YA BOMA NDI ENI ZIPATALA

Tsono ndibwerere ku mbali ija ndinalonjeza. Dziko lathu lili ndi lamulo la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, ndiponso lamulo la 2000 la chipukuta misozi kwa ovulala pa ntchito. Mfundo yake njakuti wolemba ntchito ndiye ayenera kukonza malo abwino ndi kupereka zodzitetezera. Namwino sangasambe m'manja pa mpopi wouma, ndipo sangaponye singano m'katoni imene kulibe. Madzi, sopo, magolovesi, nyali za usiku, ng'anjo yootchera zinyalala, mlonda pa chipata ndi nyumba zabwino za antchito, zonsezi ndi udindo wa boma ndi eni zipatala.

Koma pakamwa tili napo. Ena a inu muli m'makomiti a zipatala ndi a chitukuko cha m'midzi. Ena mumayankhula ndi mafumu, makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo. Pa misonkhano timafunsa za mankhwala, ndipo nkoyenera. Tiziwonjezapo kufunsa ngati magolovesi alipo, ngati okolopa ali ndi majombo, ndi ngati mankhwala a PEP amapezeka usiku ndi Loweruka lomwe. Okolopa ndi ochapa tisawaiwale, pakuti ndiwo amagwira zonyansa zambiri pamene malipiro awo ngochepa.

ZOTI TITENGE POPITA KWATHU

Pomaliza, komiti ikupempha kuti tigwirizane pa mfundo izi:

1. Poyendera odwala tizipita ochepa, pa nthawi yake, ndipo tizisamba m'manja polowa ndi potuluka.

2. Mphatso zathu zopita ku chipatala muzikhala sopo, ndowa ndi matsache, pambali pa ufa ndi shuga.

3. Podikirira wodwala tisatseke mazenera, tisagwire singano, ndipo ku chitando ndi ku zimbudzi tizisiya mwaukhondo.

4. Maliro a kolera kapena a matenda ena opatsirana tiziyendetsa monga atiuzira a zaumoyo, ndipo tiziwatchinjiriza kwa anthu aukali.

5. Mphekesera yonena za chipatala ikafika pa ife ithere pomwepo, ndipo dandaulo lenileni tilipititse kwa oyenera.

6. Kamodzi pa chaka tiziitana namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti adzatiphunzitse, ndipo ifenso timfunse zimene zikumsowa pa ntchito yake.

Amayi anzanga, akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mtsikana wovala zoyera amene mudzampeze m'wodi, kaya kwawo ndi ku Chintheche, ku Karonga kapena ku Nsanje, ali ndi mayi wake amene akumdikira kuti abwerere kunyumba wamoyo ndi wathanzi. Pamene ali kuno kwathu, amayi ake ndife.

Kwa anamwino, azamba, alangizi ndi antchito onse a chipatala amene muli pakati pathu lero, tikuti zikomo chifukwa cha ntchito yanu. Mayi Wapampando, mau amene ndinatumidwa athera pamenepa.